Makoleji omwe si aboma: zofunika kuziwerengera fizi isanalipidwe

Lilongwe: Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, mabanja ambiri a ku Area 23 ndi madera oyandikana nawo monga Kawale, Biwi ndi Chilinde mumzinda wa Lilongwe amayamba kufunira ana awo malo m'makoleji omwe si aboma. Nthawi yomweyo eni makolejiwo amakhala ali kalikiliki kuwerengera kuti chaka chimenecho alembe ophunzira angati, nanga fizi ikhale ndalama zingati.

Ziganizo ziwirizi zimamangidwa m'malo osiyana, china pakhomo ndipo china muofesi, koma n'zolumikizana kwambiri. Koleji yomwe si yaboma imayendera fizi, choncho chiwerengero cha ophunzira ndicho chimanena ngati aphunzitsi alandire malipiro pakutha pa mwezi kapena ayi. Kumbali ya banja, kulipirira mwana kwa zaka ziwiri kapena zinayi ndi ntchito yomwe kukula kwake kungafanane ndi kumanga nyumba. Mbali imodzi ikalakwitsa kuwerengera, wovutika amakhala wophunzira, yemwe amasiyira maphunziro panjira kapena kutsala ndi pepala lomwe olemba ntchito sakulizindikira.

Chomwe chidachulukitsa makolejiwa

Kwa zaka zoposa 30 kuchokera mu 1965, dziko lino lidali ndi sukulu yaukachenjede yaboma imodzi yokha, ya University of Malawi. Ya Mzuzu idayamba kulandira ophunzira mu 1999, kenako kudabwera ya LUANAR mu 2012 ndi ya MUST ku Thyolo mu 2014. Mu 2021 boma lidagawa University of Malawi ndipo kudabadwa MUBAS ndi KUHeS, kotero kuti sukulu zaukachenjede zaboma zidakwana zisanu ndi imodzi.

Ngakhale zili choncho, malo m'sukuluzi sadakule mofanana ndi kuchuluka kwa ofuna maphunziro. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana amenewo atakula adadzaza sukulu za sekondale, makamaka zoyendera za m'madera zotchedwa CDSS, ndipo kuyambira pamenepo olemba mayeso a MSCE akhala akuchulukirachulukira. Mu 2024 ophunzira oposa 170,000 adalemba mayesowa ndipo oposa 90,000 adakhoza. Si onse okhoza omwe amakhala ndi makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, omwe ndi muyeso wolowera ku yunivesite, komabe ngakhale mwa omwe ali nawo ambiri amatsala, popeza osankhidwa kupita ku sukulu zaukachenjede zaboma safika 20,000 pachaka.

Mpata umenewu ndiwo adauona a mipingo ndi amalonda. Sukulu ya African Bible College idatsegulidwa ku Area 47 mu 1991, Sinodi ya Livingstonia idayambitsa yunivesite yake mu 2003, ndipo Catholic University idayamba kuphunzitsa ku Nguludi m'boma la Chiradzulu mu 2006. Pambuyo pake anthu ndi makampani adatsegula sukulu zawo, zina zazikulu zopereka madigiri, zina zing'onozing'ono zochita lendi zipinda m'tauni n'kumakonzekeretsa ophunzira mayeso a mabungwe ena. Mzinda wa Lilongwe, womwe pa kalembera wa 2018 udapezeka ndi anthu 989,318, ndi msika waukulu wa sukuluzi, ndipo ambiri mwa ophunzira ake amachokera m'madera okhala anthu ochuluka monga Area 23, Area 25, Chinsapo ndi Mgona.

Momwe koleji imawerengera

Sukulu yaukachenjede yaboma imalandira thandizo la ndalama kuchokera m'ndondomeko ya zachuma ya dziko, kotero fizi yomwe wophunzira amalipira ndi gawo chabe la mtengo wa maphunziro ake. Koleji yomwe si yaboma ilibe mwayi wotere. Za mipingo nthawi zina zimathandizidwa ndi akhristu kapena abwenzi akunja pomanga nyumba ndi kugula zipangizo, koma ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku zimachokera kwa ophunzira.

Zambiri mwa zomwe koleji imalipira sizisintha kaya ophunzira ndi ochepa kapena ochuluka. Pali malipiro a aphunzitsi ndi ogwira ntchito ena, lendi, magetsi, madzi, intaneti ndi mafuta a jenereta. Palinso zomwe malamulo amafuna kwa olemba ntchito, monga 10 peresenti ya penshoni yomwe bwana amasonkhera wantchito wake ndi msonkho wa 1 peresenti wothandizira maphunziro a ntchito zamanja. Mphunzitsi yemwe ali ndi ophunzira 12 m'kalasi amalandira chimodzimodzi ndi mnzake yemwe ali ndi 50. N'chifukwa chake kosi iliyonse imakhala ndi chiwerengero chomwe iyenera kufikapo kuti izidzilipirira yokha. Ophunzira akachepera pamenepo koleji imaluza, akapitirira pamenepo aliyense woonjezera amabweretsa phindu.

Kawerengedwe kameneka kamafotokoza zambiri zomwe makolo amaziona koma osazimvetsa. Makosi a zamalonda, kuwerengera ndalama, chitukuko cha m'madera ndi kayendetsedwe ka antchito ndi ochuluka chifukwa amangofuna chipinda, mipando ndi mphunzitsi, pamene a zaumoyo ndi zaumisiri amafuna malabotale ndi makina okwera mtengo. Makoleji ambiri amalemba ophunzira kawiri pachaka ndipo amaphunzitsa madzulo ndi kumapeto kwa sabata pofuna kuti zipinda zisakhale zopanda anthu pamene lendi ikuwerengedwa. Ambirinso amadalira aphunzitsi aganyu olipidwa pa ola, ena mwa iwo ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani. Ndipo si zachilendo kuti kosi yomwe idalengezedwa ichedwe kuyamba kapena iphatikizidwe ndi ina chifukwa olembetsa sadakwane.

Apa ndi pamene pagona yesero lalikulu kwa eni sukulu. Pofuna kukwanitsa chiwerengero, koleji ikhoza kutsitsa muyeso wolowera kapena kulemba ophunzira oposa omwe zipinda, mabuku ndi makompyuta ake angakwanitse. Ndalama zimalowadi semesita yoyamba, koma zotsatira zake zimaoneka mochedwa: olephera mayeso amachuluka, mbiri ya sukulu imaipa, ndipo bungwe loyang'anira maphunziro likabwera kudzayendera limapeza kuti muyeso sukukwaniritsidwa.

Kukweza fizi kapena kusakweza

Chiganizo cha mtengo wa fizi n'chovuta chimodzimodzi. Koleji ikakweza kwambiri, ophunzira ena amasiya kapena kusamukira kwina, ndipo otsala amachedwa kulipira. Ikasiya fizi momwe ilili pamene katundu akukwera, aphunzitsi aluso amachoka ndipo zipangizo zowonongeka sizikonzedwa.

Zaka zapitazi zaonetsa poyera kufooka kwa sukulu zodalira fizi yokha. Pa 23 Marichi 2020 sukulu zonse zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19 ndipo zidayamba kutsegulidwanso pang'onopang'ono mu Seputembala chaka chomwecho. Kwa miyezi imeneyo ndalama sizinkalowa koma lendi ndi ngongole zinkawerengedwabe. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mitengo ya makompyuta, mabuku, mapepala ndi zipangizo za m'malabotale, zomwe zambiri zimachokera kunja, idakwera nthawi yomweyo. Kubwereka kubanki sikudali njira yapafupi, popeza mu 2024 Reserve Bank of Malawi idaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti.

Pofuna kusunga ophunzira, makoleji ambiri amalola kulipira pang'onopang'ono. Njirayi imathandiza makolo olandira pamwezi, koma ili ndi malire ake. Mayeso akayandikira, sukulu zambiri sizilola wangongole kulowa m'chipinda cholembera, ndipo womaliza maphunziro asanamalize kulipira kawirikawiri salandira satifiketi yake. Banja lomwe lidayamba ndi ndalama za semesita imodzi lokha, likuyembekeza kuti zina zipezeka m'tsogolo, limadzakumana ndi khoma pamenepa.

Kulembetsa ndi kuvomerezedwa n'zosiyana

Pofuna kuteteza anthu, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 2011 lamulo lomwe lidabala bungwe la National Council for Higher Education, lodziwika mwachidule kuti NCHE. Bungweli lidapatsidwa ntchito ziwiri zomwe anthu ambiri amazisokoneza. Yoyamba ndi kulembetsa sukulu yomwe si yaboma, kutanthauza kuipatsa chilolezo choti itsegule ndi kuyamba kuphunzitsa. Yachiwiri ndi kuvomereza, komwe kumachitika akatswiri atayendera sukuluyo n'kuunika maphunziro a aphunzitsi ake, zipinda zophunziriramo, nyumba yowerengeramo mabuku, malabotale, utsogoleri ndi kayendetsedwe ka chuma.

Chivomerezocho chimaperekedwa kwa sukulu komanso kwa kosi iliyonse payokha, ndipo chimakhala ndi nthawi yake yothera. Izi zikutanthauza kuti yunivesite yovomerezeka ikhoza kukhala ndi makosi ena omwe sadavomerezedwe. Mawu oti sukulu ndi yolembetsedwa, omwe amalembedwa pazikwangwani ndi kulengezedwa pawailesi, sayankha funso loti kodi digiri yomwe mwana akufuna idavomerezedwa. Yankho lake limapezeka pamndandanda womwe NCHE imatulutsa m'nyuzipepala ndi patsamba lake la pa intaneti. Wofunsa ayenera kuyang'ana dzina la sukulu, dzina lenileni la kosi ndi nthambi yomwe mwanayo azikaphunzirako. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ntchito zina zili ndi mabungwe awoawo oyang'anira. Wophunzira unamwino ndi uzamba sangagwire ntchito popanda kulembedwa ndi kukhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo madokotala ndi othandizira awo amadutsa ku Medical Council of Malawi. Sukulu yophunzitsa ntchito zimenezi popanda chilolezo cha mabungwewa imangodyera makolo ndalama.

Njira ya ntchito zamanja

Anthu a ku Area 23 ali ndi chitsanzo chapafupi cha njira ina. M'derali muli sukulu ya Don Bosco Youth Technical Institute yomwe imayendetsedwa ndi a chipani cha Salesians cha mpingo wa Katolika. Sukuluyi imaphunzitsa zomangamanga, kukonza galimoto, kusoka, kusamalira alendo, makompyuta ndi kuwerengera ndalama. Kwa mwana wa ku Area 23, Chilinde kapena Kawale, kuphunzira pafupi chotere kumachotsa mtolo wa minibasi ziwiri kupita ndi ziwiri kubwerera, womwe mnzake wophunzira ku City Centre kapena ku Kanengo amausenza tsiku lililonse.

Sukulu za ntchito zamanja zimalembetsedwa ndi bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999 ndipo limayendera msonkho wa 1 peresenti uja. Chaka ndi chaka bungweli limasankha achinyamata n'kuwatumiza m'makoleji osiyanasiyana, ndipo osankhidwawo amalipira zochepa chifukwa mbali ina ya mtengo imalipidwa ndi msonkhowo. Makoleji amalembanso ophunzira ena odzilipirira okha, omwe fizi yawo imakhala yokwererapo. Choncho ophunzira awiri akhoza kukhala pabenchi imodzi koma akulipira mosiyana. Banja lomwe limatsatira nthawi yomwe TEVETA imaitanira makalata ofunsira malo likhoza kupulumutsa ndalama zambiri. Kuyambira mu 2015 boma lakhalanso likutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera m'maboma osiyanasiyana.

Mabanja ena amaona ngati ntchito zamanja ndi za olephera. Komatu funso lofunika powerengera ndalama ndi loti mwanayo adzayamba liti kudzipezera yekha chakudya. Wamagetsi, mmisiri womanga kapena makaniko akhoza kuyamba maganyu asanamalize n'komwe maphunziro, pamene wa digiri yomwe ili ndi anthu ambiri pamsika amatha zaka akuponya makalata ofunsira ntchito.

Mtengo weniweni wa maphunziro

Ndalama zomwe zimalengezedwa pawailesi nthawi zambiri ndi za kuphunzitsa kokha, kwa semesita imodzi. Pamwamba pake pamabwera za fomu yofunsira malo, kulembetsa, chitupa, makompyuta, chipatala, bungwe la ophunzira, mayeso obwereza ndi mwambo wolandira satifiketi. Kunja kwa sukulu kuli thiransipoti, chakudya chamasana, mayunitsi a intaneti, kujambulitsa mapepala, laputopu, ndi lendi ngati mwana akukhala kutali ndi kwawo. Nthawi yokaphunzira ntchito kukampani kapena kuchipatala nayo imafuna ndalama, popeza malo ambiri salipira ophunzira.

Makoleji ang'onoang'ono ambiri sapereka mapepala awoawo. Iwo amangophunzitsa, ndipo mayeso amachokera ku mabungwe monga ICAM ya m'dziko momwe muno kapena ABE, ABMA, ACCA ndi City and Guilds a ku Britain. Ndalama za mayeso zimalipidwa padera, ndipo za mabungwe akunja zimatsatira mtengo wa ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 dola imodzi ya ku America idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki, kutanthauza kuti chinthu cha madola 100 chomwe chinkafuna K118,000 chidayamba kufuna K170,000. Wophunzira yemwe adamaliza silabasi koma walephera kulipira mayeso amatuluka chimanjamanja.

Choncho banja lanzeru limapempha kuti koleji ilembe papepala ndalama zonse zofunika kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, limafunsa momwe fizi yakhala ikukwerera zaka zam'mbuyo, komanso malamulo a kubweza ndalama ngati kosi yalephereka kapena mwana wadwala. Kulipira kuyenera kudzera ku akaunti ya sukulu kubanki, osati panambala ya foni ya munthu, ndipo malisiti onse asungidwe mpaka satifiketi itatuluka. Safunsa adadya phula.

Komwe ndalama zimachokera

Mu 2015 boma lidakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board kuti lizibwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Mosiyana ndi kale pamene ngongole zotere zinkapita kwa a m'sukulu zaboma okha, lamulo la bungweli limalola kuti a m'sukulu zomwe si zaboma apindule nawo, malinga sukulu ndi kosi yawo zikhale zovomerezeka. Apa chivomerezo chimasanduka ndalama, kwa wophunzira ngakhalenso kwa koleji yomwe. Komabe si onse ofunsira omwe amalandira, ndipo m'sukulu zomwe si zaboma ngongoleyo kawirikawiri sikwanira fizi yonse. Imayamba kubwezedwa pakatha zaka ziwiri munthu atamaliza maphunziro, ndipo olemba ntchito ali ndi udindo wodula kumalipiro n'kutumiza ku bungweli.

Mabanja ambiri m'madera ngati Area 23 amaphatikiza njira zingapo: malipiro a pamwezi, lendi ya nyumba zakuseri, geni ya pamsika, thandizo la achibale omwe ali ku South Africa, chipereganyu, banki m'khonde ndi ngongole za ku SACCO. Njira zimenezi zimasiyana kulemera kwake. Ngongole ya banki m'khonde imabwezedwa m'miyezi yochepa, choncho imathandiza kutseka kampata kakang'ono koma singanyamule digiri ya zaka zinayi. Katapila ndiye woopsa kwambiri, chifukwa maphunziro sabweza ndalama mwezi wamawa pamene chiwongoladzanja chake chimakula mwezi ndi mwezi. Kugulitsa puloti kapena munda kumalipira chaka chimodzi kapena ziwiri, koma kukachitika popanda dongosolo la zaka zotsalazo, banja limataya malo ndi maphunziro omwe.

M'banja la ana angapo mumabukanso funso loti ayambe ndani. Nthawi zambiri ndalama zikachepa amene amauzidwa kuti adikire ndi mtsikana, ndipo kudikirako kumathera m'banja lamsanga. Mabanja ena amapeza njira yoti mwana ayambe ndi satifiketi kapena dipuloma, apeze ntchito, kenako adzipititse yekha patsogolo. Njirayi imayenda bwino pokhapokha ngati dipulomayo ndi yovomerezeka kotero kuti yunivesite ina idzailandira.

Kwa ogwira ntchito m'boma

Ogwira ntchito m'boma ambiri omwe amakhala ku Area 23, Kawale ndi Area 25 nkhaniyi imawakhudza pawiri, monga makolo komanso monga ophunzira. Iwo ndiwo amadzaza makalasi a madzulo ndi a Loweruka. Chomwe chimawakoka n'chodziwika: m'boma, mwini MSCE amayambira kawirikawiri pa giredi M, wa dipuloma pa giredi K, ndipo wa digiri pa giredi I.

Koma pepala palokha silikweza munthu. Kukwezedwa kumadalira kuti pakhale malo opanda munthu, kuti maphunzirowo agwirizane ndi ntchito yomwe yalengezedwa, komanso kuti munthu apambane mayeso a pakamwa ku Civil Service Commission kapena makomishoni a aphunzitsi, azaumoyo ndi a maboma ang'onoang'ono. Zilengezo za ntchito masiku ano zimanena poyera kuti pepala lichokere kusukulu yovomerezeka. Wantchito yemwe watenga ngongole yodulidwa kumalipiro kwa zaka zitatu n'kulipirira kosi yosavomerezeka amatsala pagiredi yomweyo, koma ndi malipiro ochepa ofika kunyumba. N'chifukwa chake n'kofunika kuyamba wakambirana ndi ofesi yoona za antchito muunduna kapena kukhonsolo, kupeza chilolezo cha akuluakulu, ndi kutsimikiza kuti kosiyo ikugwirizana ndi mzere wa ntchito yake asanasaine fomu ya ngongole.

Maofesala olemba anthu ntchito nawo ali ndi mbali yawo. Akamatsimikiza mapepala a ofunsira ntchito poyerekeza ndi mndandanda wa NCHE ndi wa TEVETA, amapereka uthenga kwa eni makoleji kuti kulemba ophunzira mopyola muyeso kulibe phindu. Aphunzitsi akuluakulu a sukulu za sekondale, makhansala ndi mafumu a m'mabuloko angathandizenso pofalitsa mindandandayi pamisonkhano ya makolo, chifukwa mabanja ambiri amamva za koleji kudzera pa chilengezo cha koleji yomweyo.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika maphunziro ndi maluso a anthu m'gulu la nsanamira zothandiza kuti dziko lidzidalire pachuma. Sukulu zaboma pazokha sizingalandire achinyamata onse omaliza Fomu 4, choncho makoleji omwe si aboma apitiriza kunyamula gawo lalikulu la ntchitoyi. Koleji yolemba ophunzira molingana ndi zipinda, aphunzitsi ndi zipangizo zomwe ili nazo, n'kulengeza mtengo wonse poyera, imakula pang'onopang'ono koma imakhalitsa. Banja lomwe latsimikiza chivomerezo cha kosi n'kuwerengera ndalama mpaka chaka chomaliza lisanalipire kwacha yoyamba ndilo limadzaona mwana wake akuvala mkanjo ndi kulandira pepala lomwe lingamupezetse ntchito.